Bambo akumwa mankhwala a Parkinson, nanga chikupha maselo a mu ubongo wawo n'chiyani?

MwanaWachisamba
Moni nonse pa gulu. Bambo anga anawapeza ndi matenda a Parkinson zaka zitatu zapitazo. Zinayamba ndi kunjenjemera dzanja lamanja akangokhala phee, kenako mapazi kumakokera pansi, zolemba zawo n'kukhala ting'onoting'ono ngati mapazi a nyerere. Akumwa levodopa, ndipo akangomwa amakhala ngati munthu wina, mpaka kumanga okha mabatani a malaya. Koma sabata yatha adokotala anatiuza mosapsatira kuti mankhwalawa sachiza, maselo a mu ubongo akupitirirabe kufa. Mzere unali wautali kumbuyo kwathu moti sindinafunse zambiri.

Chikuwapha n'chiyani maselowo? Si kachilombo, si chotupa, bambo sanagwepo n'kumenyetsa mutu. Ndiye selo limangodzuka tsiku lina n'kufa? Chinanso, mng'ono wanga akuti tichepetse mapiritsi chifukwa anamva kuti ndi mankhwalawo amene amamaliza maselo otsala. Dzulo tinatsala pang'ono kuyambana. Amene mukudziwa tithandizeni.

Namzeze
Pepani ndi matenda achimwene. Tisanapite kutali: musachepetse ngakhale theka la piritsi musanakambirane ndi adokotala. Kusiya levodopa mwadzidzidzi kumatha kuumitsa munthu thupi lonse, kutentha thupi kwambiri, mpaka kugonekedwa. Zinazo tikambirana.

WaLabu
Achimwene, selo silimangodzuka n'kufa. Limavutika zaka zambiri. Ndiyambe ndi malo ake. Mkati mwenimweni mwa ubongo, chakumtunda kwa tsinde lake, muli kachigawo kotchedwa substantia nigra. Ndi mawu a Chilatini otanthauza chinthu chakuda, chifukwa ubongo wa munthu wamkulu ukadulidwa pamenepo pamaoneka timizere tiwiri takuda, kena kumanja kena kumanzere. Kudako n'kwa maselo opanga dopamini, mankhwala achilengedwe otumizira mauthenga mu ubongo. Mwa munthu amene wamwalira ali ndi Parkinson, timizereti timapezeka titasuluka. Konstantin Tretiakoff ndi amene analongosola zimenezi ku Paris mu 1919.

Maselowa ndi ochepa zedi. Ubongo uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, koma awa safika n'komwe 1 miliyoni. Ntchito yawo ndi kutumiza dopamini ku chigawo china chotchedwa striatum, chimene chimatsegulira thupi njira kuti liyambe kuyenda. Dopamini akachepa, munthu amafuna kudzuka pampando koma thupi limachedwa kumvera.

Nanga bwanji amafa ndi amenewa anzawo oyandikana nawo n'kutsala? Onani mtolo umene asenza. Selo limodzi lili ndi ulusi wotumizira mauthenga umene umachita nthambi zosawerengeka. Ofufuza a ku Oxford anayerekeza kuti mwa munthu, nthambi za selo limodzi mutazilumikiza zingapitirire mamita 4, ndipo malo amene limakhudzana ndi maselo ena ndi oposa 1 miliyoni. Kaselo kosaoneka ndi maso kukadyetsa zonsezo. Komanso sapuma: amagunda okha usana ndi usiku ngati mtima, ndipo kugunda kulikonse kumalowetsa kashiamu amene ayenera kupopedwanso kunja. Zonsezi zimadya mphamvu. Chopweteka kwambiri n'chakuti selo lotere likafa palibe lolowa m'malo. La pakhungu limafa lina n'kubadwa. Amene bambo anu ali nawo lero ndi omwe anabadwa nawo.

Kadziwotche
Mwangozungulira a WaLabu, nkhani ndi ukalamba basi. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku imatha, palibe chodabwitsa.

Namzeze
Ukanakhala ukalamba wokha bwenzi agogo onse akunjenjemera. Mwa anthu opitirira zaka 60, amadwala ndi pafupifupi mmodzi pa 100 aliwonse. Enawo maselo awo sakalamba? Ndipo katswiri wa mafilimu Michael J. Fox anamupeza nawo mu 1991 ali ndi zaka 29.

Kadziwotche
Chabwino, ndiye mmodzi pa 100 uja walakwanji?

WaLabu
Funso limenelo ndiye lenileni, ndipo gawo lina la yankho linapezeka mwangozi. Mu 1982 ku California, achinyamata angapo ozibaya mankhwala ozunguza bongo anabwera nawo ku chipatala atauma gwa, osayankhula, osasuntha, maso ali tong'oo. M'masiku ochepa okha anali ngati munthu amene wadwala Parkinson zaka 20. Dokotala William Langston atafufuza anapeza kuti mankhwala ophikidwa mobisa aja munali poizoni wotchedwa MPTP. Atawapatsa levodopa anayambanso kuyenda.

Mvetserani njira ya poizoniyo. MPTP amalowa mu ubongo mosavuta, n'kusandulika MPP+. Maselo a dopamini ali ndi timakomo totolera dopamini amene atsala panja kuti amugwiritsenso ntchito. Timakomoti timasokoneza MPP+ ndi dopamini n'kumulowetsa, pamene maselo ena alibe naye ntchito. Akalowa amapita molunjika ku mitochondria, timene ndi ting'anjo ta selo, mowotchera chakudya ndi okosijeni kuti mphamvu ipezeke. Amatseka sitepe yoyamba ya ng'anjoyo, yotchedwa complex I. Mphamvu imatsika, ndipo ng'anjo yosayaka bwino imathetheka: imatulutsa tizidutswa ta okosijeni tolusa timene timawononga mafuta, mapuloteni ndi DNA ya selo, monga dzimbiri limadyera chitsulo. Mu 1989 ofufuza a ku London anapima ubongo wa odwala Parkinson wamba, amene sanakhudzepo MPTP, n'kupeza kuti complex I yomweyo ndi yofooka mu substantia nigra.

Ndiye kwa ine chiyambi chili pa ng'anjo. Selo losenza mtolo waukulu, ng'anjo zake zikayamba kufooka, limayamba kutaya nthambi zakutali, thunthu n'kudzafa pambuyo. Dopamini yemweyo sathandiza: akatayikira mkati mwa selo osasungidwa m'timatumba take amawola msanga n'kuwonjezera dzimbiri lija.

WolimaMasamba
Apa mwandiopsa. Ine ndakhala ndikupopera mankhwala a m'munda zaka zoposa 15, kawirikawiri wopanda chophimba kumphuno, manja ali lambalamba. Zikukhudzana?

WaLabu
Zikukhudzana, koma si mankhwala onse. Awiri otchulidwa kwambiri ndi paraquat, wophera udzu, ndi rotenone, wophera tizilombo. Rotenone amatseka complex I yomwe ija, ndipo makoswe opatsidwa mankhwalawa amataya maselo a dopamini. Paraquat kapangidwe kake n'kofanana kwambiri ndi MPP+. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2007, ndipo ku France kuyambira 2012 Parkinson amawerengedwa ngati matenda otengera ku ntchito kwa alimi amene akhala akugwira mankhwala otere nthawi yaitali. Sikuti aliyense wopopera adzadwala, ambiri sadwala. Koma werengani dzina la mankhwala pa botolo, ndipo magolovesi ndi chophimba kumphuno musaziyese zokongoletsa.

MwanaWachisamba
Bambo anali mphunzitsi moyo wawo wonse, choko chokhachokha. Mankhwala a m'munda sanawagwirepo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye ndi mnzanga, muwapatse moni. Ine ndinkaphunzitsa bayoloje, ndipo akazi anga adwala matendawa zaka 9, moti ndawerenga mpaka maso kuwawa. A WaLabu afotokoza bwino, koma asiya mwini nkhani panja. Mwini nkhani ndi puloteni yotchedwa alpha-synuclein.

Mu 1912 Friedrich Lewy anaona timibulu tachilendo mkati mwa maselo a ubongo wa odwala, ndipo mpaka lero timatchedwa dzina lake. Kwa zaka 85 anthu ankangotiona osadziwa kuti tinapangidwa ndi chiyani. Mu 1997 zinthu ziwiri zinatulukira chaka chimodzi. Choyamba, m'banja lina lalikulu lochokera m'tauni ya Contursi ku Italy, mmene matendawa ankayenda mibadwomibadwo, munapezeka cholakwika mu jini yopanga alpha-synuclein. Chachiwiri, Maria Grazia Spillantini ku Cambridge anasonyeza kuti timibulu ta Lewy tadzaza ndi puloteni yomweyo, ngakhale mwa odwala amene kubanja kwawo kulibe matendawa.

Puloteniyi tonse tili nayo, ndi yaing'ono, ndipo imathandiza potulutsa mauthenga kumapeto kwa nthambi za selo. Vuto limabwera ikapindika molakwika. Yopindika molakwikayo ikakhudza inzake yabwinobwino imaipindanso chimodzimodzi, n'kumamatirana, n'kukhala ulusi wolimba wosasungunuka. Mu 2003 kunapezeka banja lina limene jini yawo inalibe cholakwika chilichonse, kungoti inabwerezedwa katatu pa mbali imodzi, thupi n'kumapanga puloteni yochuluka kuwirikiza kawiri. Ankadwala akadali achichepere. Kuchuluka kokhako n'kokwanira kupha selo.

Phwiti77
Aphunzitsi, majini ake ati? Poti ena tikamva majini timayamba kufunafuna wotulutsa mizimu.

Mphunzitsi_Wopuma
Ana anga a m'kalasi ankaseka pomwepo chaka chilichonse. Majini a chibadwa bambo, malangizo olembedwa mu DNA. Awa satuluka ndi kufukiza.

WaLabu
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma ndikutsutsani pang'ono. Nyumba ikapsa timapezapo phulusa, koma si phulusa limene latentha nyumbayo. Pali okalamba ambiri amene amamwalira osanjenjemerapo, koma ubongo wawo ukapimidwa timibulu ta Lewy tilimo. Ndipo pali odwala Parkinson enieni amene alibe timibulu. Chitsanzo ndi amene ali ndi vuto la jini ya parkin, imene inapezeka ku Japan mu 1998. Ambiri amayamba kudwala asanafike zaka 40, maselo a dopamini amafa, koma timibulu kawirikawiri sitipezeka.

Nanga parkin ntchito yake n'chiyani? Imagwira limodzi ndi inzake PINK1, imene inadziwika mu 2004. Ng'anjo ija ikawonongeka, PINK1 imaunjikana pamwamba pake ngati mbendera, n'kuitana parkin. Parkin imamata zizindikiro zoti ichi n'chotaya, selo n'kuikulunga ng'anjoyo n'kupita nayo ku lysosome, kathumba ka asidi kogayiramo zinyalala. Iwiriyi ikalephera, ng'anjo zakufa zimangokhala m'selo n'kumathetheka. Tabwereranso pa ng'anjo.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga, kutsutsa galu n'kukumba, ndiye tiyeni tikumbe. Cha m'ma 1990, ku Sweden ndi ku America, odwala ena anawaika maselo atsopano a dopamini mu ubongo. Mu 2008 atapima ubongo wa ena mwa iwo amene anamwalira patapita zaka zoposa 10, anapeza timibulu ta Lewy mkati mwa maselo oikidwa aja. Maselo a zaka khumi ndi mphambu zokha, ochokera kwa munthu wina! Anatitenga kuti? Kenako mu 2012 ku Philadelphia anabaya ulusi wa alpha-synuclein wopangidwa mu labu mu ubongo wa mbewa zabwinobwino. Kupindika kuja kunafalikira kuchoka selo ili kupita lina, maselo a dopamini n'kuyamba kufa. Phulusa limayenda lokha n'kukatentha nyumba ya aneba?

WaLabu
Mfundo ya mbewa ndaivomera. Koma mankhwala awiri opangidwa kuti azigwira alpha-synuclein anayesedwa pa anthu, zotsatira zinatuluka mu 2022, ndipo onse sanafike pa cholinga chimene anayesedwera.

Mphunzitsi_Wopuma
Nanga isradipine, wotseka makomo a kashiamu amene mumawanena aja? Mu 2020 nayenso anagwa chagada. Tonse tili ndi maliro athu.

Kadziwotche
Ndiye nonse simukudziwa. Mungovomera.

Nyenyezi_ya_Mmawa
A Kadziwotche, ine ndikuona ngati awiriwa agwira njovu imodzi, wina mwendo wina chitamba. Lysosome imene a WaLabu akuti imagaya ng'anjo zakufa ndi yomwenso imagaya alpha-synuclein yakale. Dzala ndi limodzi. Likadzaza, zonse ziwiri zimaunjikana. Umboni wake ndi jini ya GBA1, imene imapanga chogayira mafuta ena mu lysosome. Amene walandira yolakwika kwa makolo onse awiri amadwala matenda a Gaucher. Amene walandira kwa kholo limodzi sadwala Gaucher, koma mpata wake wodwala Parkinson umakwera kangapo. Mu 2023 kafukufuku amene anachitika kwambiri ndi odwala a ku Nigeria anapeza kusintha kwina mu GBA1 yomweyo, kofala mwa anthu ochokera ku West Africa koma kosowa mwa azungu. Jini ina, LRRK2, imene vuto lake ndi lofala pakati pa odwala a ku North Africa, nayonso ntchito yake ili ku mbali ya lysosome.

Komanso ziwirizi zimapatsirana moto. Alpha-synuclein yomatana imakakamira pa mitochondria n'kuzifooketsa. Mitochondria zofooka zimatulutsa dzimbiri limene limapangitsa puloteni kumatana msanga, ndiponso kugaya zinyalala kumafuna mphamvu imene tsopano kulibe. Pamwamba pa apo pali microglia, asilikali a mu ubongo. Akamva fungo la selo lovulala amathamangirako ndi mankhwala otupitsa, ndipo akakhalitsa ali olusa amapsereza ndi maselo amene akanapulumuka. Khomo lolowera limasiyana: wina poizoni, wina jini, ambiri zingapo pamodzi ndi zaka. Koma akalowa amazungulira bwalo lomwelo.

Phwiti77
Achemwali Nyenyezi atigamulira mlandu. Nanga ndi zoona zoti osuta fodya sadwala matendawa? Ndikufuna ndiwauze madam asiye kundilondalonda.

Namzeze
Sikuti sadwala, koma n'zoona kuti m'kafukufuku wambiri osuta fodya ndi okonda khofi amapezeka nawo mocheperapo. Musathamangire ku golosale. Fodya amapha anthu ochuluka kutalitali ndi khansa ndi mtima kuposa amene angawapulumutse ku Parkinson. Madam apitirize.

Kadziwotche
Nanga Muhammad Ali? Uja si nkhonya zinamuchititsa?

WaLabu
Anamupeza nawo mu 1984 ali ndi zaka 42. Kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kumawonjezera mpata, koma za munthu mmodzi sungaloze chala kuti chinayambitsa ndi ichi.

MayiWaAnaAtatu
Pepani ndilowerere ndi nkhani yanga, ndakhala ndikungowerenga. Kwa amuna anga kuli matenda a Huntington. Apongozi aamuna anamwalira nawo, alamu anga akudwala panopa. Iwo sauma ngati bambo a MwanaWachisamba, koma thupi limangogwedezeka losaugwira, manja uku mutu uku, anthu osadziwa amati aledzera. Khalidwe linasintha kaye zaka zingapo kugwedezekako kusanayambe. Amuna anga ali ndi zaka 38, sanayezetse, akuti safuna kudziwa. Ine usiku ndimayang'ana ana atatu ali m'tulo n'kumawerengera. Kodi kumeneku maselo amafa mofanana?

Nyenyezi_ya_Mmawa
Mayi, pepani. Mtolo umenewo si wamasewera. Kusiyana kwake n'kwakuti Huntington chiyambi chake n'chimodzi ndipo n'chodziwika. George Huntington, dokotala wa ku America, anawalongosola mu 1872 ali ndi zaka 22 zokha, pogwiritsa ntchito zimene bambo ake ndi agogo ake, amenenso anali madokotala, anaona m'mabanja a ku Long Island. Jini yake ili pa chromosome 4 ndipo inapezeka mu 1993, mothandizidwa kwambiri ndi mabanja a m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela amene wofufuza Nancy Wexler anagwira nawo ntchito zaka zambiri.

Mu jiniyo muli malo amene zilembo zitatu, CAG, zimabwerezedwa ngati chibwibwi. Ambirife zimabwerezedwa kosakwana 27. Zikafika 40 kapena kuposa, munthu adzadwala akakhala ndi moyo wautali. Pakati pa 36 ndi 39 ena amadwala ena ayi. Chibwibwicho chimapangitsa puloteni ya huntingtin kukhala ndi mchira wautali womata. Zidutswa zake zimalowa m'chipinda cha DNA n'kusokoneza kawerengedwe ka majini ena, zimatsekereza mayendedwe a katundu m'nthambi za selo, zimafooketsanso mitochondria. Apa ndiye pofanana ndi Parkinson: puloteni yomatana, ng'anjo zofooka, dzala losefukira. Posiyana ndi malo. Kuno amafa ndi maselo a mu striatum, olandira dopamini aja, ndipo oyamba kufa ndi amene ntchito yawo ndi kuletsa mayendedwe osafunika. Mabuleki akatha, thupi limangogwedezeka.

Za ana: ngati bambo awo ali nayo jiniyo, mwana aliyense payekha mpata wake ndi theka. Ngati alibe, ana onse ali pabwino, sidumpha m'badwo n'kukatulukira kutsogolo. Koma kuyezetsa ndi chisankho cha mwini wake, ndipo ana aang'ono amene alibe zizindikiro sayezedwa mpaka atakula n'kusankha okha. Funsani ku chipatala ngati kuli alangizi a za matenda a chibadwa, mungathe kukaonana nawo ngakhale nokha.

WaLabu
Ndiwonjezere chimodzi chimene chimandizunguza mutu. Munthu amabadwa nayo jiniyo, nanga bwanji amakhala bwinobwino zaka 40? Zapezeka kuti mkati mwa maselo a mu striatum chibwibwi chija chimatalika munthu akamakula. Makina okonza DNA akafika pamenepo amaterereka n'kuwonjezera zilembo. Kafukufuku wa ku Boston wotuluka mu 2025 anasonyeza kuti selo limakhala bwino ndithu mpaka kubwereza kutafika cha pa 150, kenako limalowa pansi msanga. Selo lililonse lili ndi wotchi yakeyake.

Ndipo aphunzitsi, mverani iyi: mu 2004 ofufuza a ku San Francisco anatsatira maselo okhala ndi huntingtin yolakwika limodzilimodzi, n'kupeza kuti amene anaunjika puloteniyo kukhala m'bulu waukulu ankakhala moyo nthawi yaitali kuposa amene inangomwazikana. Ngati kuti selo lasesa zinyalala n'kuziunjika pa kona.

Mphunzitsi_Wopuma
Imeneyo ndikuidziwa, ndipo sikunditsutsa. Zoopsa ndi timagulu ting'onoting'ono toyandama tisanakhale m'bulu. Koma puloteni ndi yomweyo. Simunandigwetse.

MayiWaAnaAtatu
Zikomo achemwali. Zoti sidumpha m'badwo sindinkadziwa. Azakhali awo ankanena kuti imabisala n'kukagwira zidzukulu.

MwanaWachisamba
Ndaphunzira zambiri, koma mng'ono wanga ali pano akuwerenga nane ndipo akuti funso lake simunaliyankhe. A WaLabu anena okha kuti dopamini amawola m'selo n'kuchita dzimbiri. Ndiye kumwa mankhwala owonjezera dopamini si kuthira mafuta pa moto? Ndipo n'chifukwa chiyani poyamba piritsi limodzi linkawasunga bambo nthawi yaitali, pano maola atatu okha ayambanso kuuma?

WaLabu
Mng'ono wanuyo ali ndi mutu, muuzeni asachite manyazi. Madokotala enieni anaopa zomwezo kwa zaka zambiri, chifukwa m'mbale za mu labu levodopa wochuluka amaphadi maselo. Koma zinayesedwa pa anthu. Ku Netherlands anatenga odwala 445 ongoyamba kumene. Theka anayamba levodopa nthawi yomweyo, theka linalo anachedwetsedwa masabata 40. Atafika sabata la 80 magulu awiriwa anali pamodzimodzi. Zotsatira zinatuluka mu 2019. Mankhwalawa sachedwetsa matenda, komanso safulumizitsa. Amene anachedwa kuyamba anangovutika miyezi 9 popanda phindu.

Za maola atatuwo, si kuti thupi lazolowera. Levodopa sakhalitsa m'magazi, pakatha pafupifupi ola ndi theka, theka lake latha. Poyamba nthambi za maselo otsala zimamusandutsa dopamini, n'kusunga m'timatumba, n'kumatulutsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Nthambizo zikamatha, mosungira mumatha. Ubongo umayamba kudalira zimene zili m'magazi nthawi yomweyo: zikakwera thupi limamasuka, mwina mpaka kuvinavina kosafuna, zikatsika limauma. Chasintha ndi ubongo, osati piritsi.

Namzeze
Ndipo pali umboni wina wochokera ku Ghana, wa mu 2014. Kumeneko odwala ambiri ankayamba levodopa mochedwa poyerekeza ndi anzawo a ku Italy, chifukwa chosowa mankhwala. Kuchedwako sikunawapulumutse. Kuvinavina ndi kutha msanga kwa mankhwala kunabwera matenda atatha zaka zofanana m'magulu onse awiri. Chimene chinkawerengedwa ndi kutalika kwa matenda ndi kukula kwa mlingo, osati kuti wamwa zaka zingati. Kusunga mapiritsi kuti adzagwire ntchito mtsogolo n'kudzimana chabe.

Mphunzitsi_Wopuma
Ife tinachita kulakwitsa komweko. Chaka chathunthu ndinkawapatsa mayi a kunyumba theka la mlingo mobisa, ndikuganiza kuti ndikuwasungira. Anagwa kubafa n'kuthyoka dzanja. Nditaulula kwa adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko ndimakukumbukira mpaka lero.

Ndikufunseni achimwene: kunjenjemera kusanayambe, bambo ankamva fungo bwinobwino? Kuchimbudzi ankapita bwanji? Nanga kutulo?

MwanaWachisamba
Aphunzitsi mwandiimitsa tsitsi. Mayi akhala akudandaula kwa zaka mwina 10 kuti bambo samva ngakhale chinthu chikupserera pa moto. Kudzimbidwa ndiye kwakale, tinkangoti samwa madzi. Ndipo anasiyana mabedi kalekale chifukwa bambo ankaponya zibakera ndi kukuwa kutulo. Zimenezi n'zogwirizana?

Mphunzitsi_Wopuma
Zonse zitatu. Mu 2003 Heiko Braak wa ku Frankfurt atapima maubongo ambiri ananena kuti mwa odwala ochuluka alpha-synuclein yopindika imayamba kuoneka malo awiri: kumene kumalandirira fungo, ndi pansi pa tsinde la ubongo pamene pamachokera mtsempha wa vagus wopita m'matumbo. Kuchoka apo imakwera pang'onopang'ono. Imadutsa pa malo amene amamanga thupi munthu akamalota, n'chifukwa chake zibakera zija, kenako n'kufika ku substantia nigra. Ndipo ikafika, dzanja silinjenjemera tsiku lomwelo. Maselo otsala amagwira ntchito ya anzawo mpaka gawo lalikulu, mwina theka, litapita. Matenda amene mukuti ndi a zaka zitatu angakhale a zaka 15.

WaLabu
Si odwala onse amatsata njira ya Braak, koma apa sinditsutsa. Ndipo mwina n'chifukwa chake mankhwala anga ndi anu aja anagwa, aphunzitsi. Timafika moto utadya kale denga. Panopa pali njira yopezera alpha-synuclein yopindika m'madzi a mu msana, ngakhale mwa anthu ena amene sanayambe kunjenjemera, ndiye oyesa mankhwala ayamba kuyang'ana kwa anthu oponya zibakera kutulo aja.

Kadziwotche
Ine ndimadzimbidwa sabata iliyonse. Ndilembe wilo?

Namzeze
Imwani madzi a Kadziwotche. Odzimbidwa ndi ochuluka, ambiri sadzadwala Parkinson.

MwanaWachisamba
Mng'ono wanga wangoti "chabwino" n'kutuluka panja, kwa iyeyo kumeneko ndiye kuvomera. Mapiritsi sitikhudza. Tibwerera kwa adokotala Lachinayi ndipo ndalemba mafunso pa pepala. Nanga pali chimene tingachite pa nkhani ya maola atatuyi tisanapite?

Namzeze
Lembani kwa masiku atatu nthawi imene amwa, nthawi imene amasuka, nthawi imene ayambanso kuuma, ndi nthawi imene adya. Pepala limenelo lithandiza adokotala kuposa kufotokoza pakamwa. Muonetsetse za chakudya: levodopa amalowera pa khomo limodzi ndi zidutswa za mapuloteni, m'matumbo ngakhalenso polowa mu ubongo, ndiye akamwera pa nyama kapena mkaka amalimbirana njira. Ambiri zimawayendera akamwa mphindi 30 asanadye. Kudzimbidwako mukutchulenso, chifukwa m'mimba mukamayenda pang'onopang'ono piritsi limachedwa kufika kumene limayamwidwa. Mutenge mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a mseru, chifukwa ena monga metoclopramide amatseka malo olandirira dopamini n'kuwonjezera kuuma. Ndipo aziyenda tsiku lililonse, wina ali pambali.

Mphunzitsi_Wopuma
Akamata pakhomo mapazi osanyamuka, musawakoke dzanja. Muziwawerengera mokweza, wani, thuu, wani, thuu, kapena ikani phazi lanu patsogolo pawo kuti alidumphe. Mayi a kunyumba amanyamuka ndi nyimbo ya kwaya, ndipo ikakhala yosaikonda amakana dala.